Wakuba Wayifayi ya a Namaseko

Akazi anga anandiletsa kufotokoza nkhani iyi pagulu, ati imanyozetsa banja lonse. Koma poti pa Manjawira yafika kale mpaka kwa ogulitsa makala, bola muimve kwa mwini wake.

Ine ndine mphunzitsi wamkulu wopuma, amene ena amanditchabe Ahedi. Nditangopuma ntchito, mwana wanga wamkazi wa ku Lilongwe anandibweretsera rauta yake yakale, kabokosi koyera ka tinyanga tiwiri kopereka intaneti m'nyumba. Ndinakaika pamwamba pa kabati, pafupi ndi chithunzi chathu cha ukwati. Zaka ziwiri kankangoyaka timagetsi tobiriwira, ine n'kumaonera mpira pa foni osagulako bandulo. Sindinadabwe. Ndinkangoti mwanayo ndiye akusamalira zimenezo ku tauni.

Basi ndinasanduka katswiri. Munthu akafuna kugula rauta ankayamba wadzera kwa ine.

"Zatsopanozi n'zachabechabe," ndinkatero. "Pezani yakale ngati yangayi. Sinandikhumudwitsepo."

Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala a Namaseko, mayi wamasiye amene amagulitsa tomato kwa amalole a ku Blantyre. Maoda onse amalandirira pa foni, ndiye ali ndi rauta yawoyawo. Tsiku lina m'mawa anandiitana pampanda.

"Aphunzitsi, tandithandizani nzeru. Bandulo yanga ikungotha ngati madzi a m'lichero. Dzulo ndaphonya oda yaikulu chifukwa intaneti inathera panjira."

Ndinakonza magalasi bwinobwino. "Mayi, pamenepo pali wakuba. Alipo akuyamwa wayifayi yanu."

"Angakhale ndani, aphunzitsi?"

Ndinaloza ndi mlomo ku babashopu ya a Jere, tsidya la msewu. "Tsiku lonse nyimbo ndi mavidiyo. Mukuganiza amazitenga kuti? Sinthani pasiwedi lero lomwe. Wakubayo adziulula yekha ndi kulira kwake."

A Namaseko anathokoza, n'kusinthadi pasiwedi masana omwewo.

Madzulo ndinakhala pampando kuti ndione mpira. Foni zii. Ndinayang'ana pa kabati, timagetsi tikuyaka bwinobwino. Ndinazimitsa rauta n'kuyatsanso. Ndinapinda tinyanga, kena kuloza ku Balaka, kena ku Dedza. Palibe. M'mawa mwake ndinaganiza kuti mwalowa chinyezi, ndiye ndinakaiika padzuwa.

"Bambo, mwaiyanika ngati ufa?" anafunsa akazi anga.

"Izi simungazimve, mayi. N'za tekinoloje."

Ndinapita pampanda kukadandaula. "A Namaseko, wakuba uja wakwiya. Wabwezera pa rauta yanga, yafa!"

Iwo anangoti, "Pepani, aphunzitsi."

Sabata imeneyo ndinakana kukameta kwa a Jere. Ndikamadutsa pa babashopu ndinkayang'ana kumbali, moni wawo osayankha. Kutchalitchi ndinachenjeza madoda anzanga kuti m'dera muno mwabuka mbava za intaneti, ndipo ine ndikuzidziwa.

Loweruka ndinakulunga rauta m'chitenje cha akazi anga ngati wodwala, n'kukwera minibasi ya ku Boma. Ndinalowa mu shopu ina yogulitsa mafoni. Munali mayi wina wachete, wovala yunifolomu ya buluu, ndi makasitomala angapo.

"Mayi, ndikufuna rauta yofanana ndi iyi," ndinatero mokweza kuti onse amve. "Musandionetse zamakonozi ayi. Iyi yanditumikira zaka ziwiri osadwalapo."

"Tione kaye, bambo, mwina ingakonzeke."

Anaitembenuza, n'kutsegula kachivindikiro kakumbuyo ndi chikhadabo. Anasuzumira. Anagogoda pa tebulo, ndipo munagwa mphemvu youma.

"Bambo, simukhadi ili kuti?"

"Simukhadi ya chiyani?"

"Rauta ya mtundu uwu imafuna simukhadi ngati foni. Yopanda simukhadi ndi nyali chabe."

Ndinaseka mwaulemu, kuwaphunzitsa kuti mwina yangayi ndi modelo ina. Kuti ndiwatsimikizire, ndinaimbira mwana wanga, n'kuika pa sipika.

"Adadi, simukhadi ija ndinaichotsa tsiku lomwe ndinkabwerera," anatero mwanayo. "Sindinakuuzeni kuti mugule yanu?"

Makasitomala onse anatembenukira kwa ine. Mayi uja anapempha foni yanga, n'kudinadina.

"Foni yanuyi yakhala ikulumikizidwa ku wayifayi yotchedwa Namaseko Tomato. Mukuwadziwa?"

Ndinakumbukira kuti zaka ziwiri zapitazo, pa chinkhoswe cha mwana wawo, a Namaseko anandilowetsera pasiwedi kuti nditumize zithunzi. Chiyambire pamenepo mpira wonse uja, maulaliki, ngakhale mavidiyo a kawetedwe ka nkhuku, zonse zinkadutsa pampanda.

"Ndi achibale," ndinayankha motsitsa.

Mayiyo sanaseke, Mulungu awadalitse. Anangondilangiza kuti posankha rauta ndisamawerenge nyanga, koma ndifunse netiweki imene imagwira bwino kwathu, komanso nditenge ya batire kuti magetsi akazima isamazime nawo. Ndinangoti "inde, mayi" ngati mwana wa sitandade wani. Ndinagula imene anandisankhira, ndipo simukhadi ndinaonetsetsa ndi maso anga ikulowa.

Nditatsika minibasi ndinayambira kwa a Jere. Ndinakhala pampando, n'kupepesa uku akundimeta. Lumo lili pakhosi munthu amapepesa mochokera pansi pa mtima.

Kenako ndinapita kwa a Namaseko. Ndinawapeza akusankha tomato pakhonde. Ndinavula chipewa.

"Mayi, wakuba uja wapezeka."

"Eya, aphunzitsi, khalani pansi."

"Ndine."

"Ndinadziwa kalekale," anatero osasiya kusankha. "Rauta yanga imaonetsa mayina a mafoni onse amene alowa. Yanu imalembedwa kuti Foni ya Ahedi."

"Nanga bwanji osandiuza nthawi yonseyi?"

"Munthu wamkulu ngati inu ndikanayamba bwanji? Ndinaona kuti ndingokupemphani nzeru, mudzigwire nokha. Ndipo mwagwira ntchito yabwino, aphunzitsi. Tsiku limodzi lokha, wakuba uja anali akulira kale pampanda!"

Upangiri waulere ndi wabwino, koma usanaupereke uziyamba wafunsa kumene intaneti yako yaulere ikuchokera.