Kafukufuku Wanga wa Achule a ku Likangala

Lolemba
Yafika kalata ya alamu anga amene akuphunzira ku Ulaya. Akuti zoterera za pakhungu la chule zimapha tizilombo ta matenda pobowola kanembanemba kamene kamatikuta. Iwo amazifufuza ndi makina a maginito aakulu ngati nkhokwe, oyendera mafunde a wailesi. Achule ake amachita kuitanitsa pa ndege, pomwe ife kuno tikungowaponda m'mpunga. Ine mphunzitsi wa sayansi wa Sitandade 7 ndauza kale anzanga kusukulu kuti pofika Lachisanu ndikhala nditawapitirira azunguwo.

Lachiwiri
Zofunika: achule khumi, ndowa, mawaya, nyemba zosasa zoti zikhale tizilombo. Maginito ndachotsa m'sipika ya wailesi yathu. Mayi a kunyumba sakudziwa.

Lachitatu
Akudziwa tsopano. M'ndowa mwatsala achule anayi, awiri awapeza mumtsuko wa madzi akumwa. Sakundilankhula.

Lachinayi
Tsiku lalikulu! Ndikupala chule ndi supuni, ndikuthira m'nyemba, maginito pamwamba, waya kukhutu. Ndikumvetsera mpaka khosi kuwawa. Zotsatira: maginito akoka supuni, nyemba zikununkhabe, zala zikuyabwa.

Lachisanu
Kwabwera apampando a chipani a dera lino. Amva za mawaya ndi makalata akunja. "Aphunzitsi, mumalankhula ndi yani kunjako?" Ndikuganiza za anzathu amene anatengedwa pa galimoto osabwerera. Ndikuwaonetsa khadi la chipani, kenaka chule. Akumuyang'ana nthawi yaitali, chulenso akuwayang'ana. Atenga kalata ndi maginito, achule andisiyira.

Loweruka
A hedi andiitanitsa kunyumba kwawo. Akuti apampando aona kuti si ndale, ndi mutu chabe, koma ndikadzayambiranso andisamutsira ku chilumba cha Chisi. Ndikukataya achule kusikimu ya mpunga. Pakamwa pandipulumuka "pepani" powatulutsa, osadziwa kuti amayi atatu opalira mpunga ali kumbuyo kwanga.

Lamulungu
Kutchalitchi benchi yonse ndi yanga ndekha, ngakhale mayi a kunyumba akhala kutali. Sayansi ndaisiya. Potuluka, mkulu wa mpingo akundikokera kuseri kwa mtengo wa mango. Akuti mpunga wawo sukubereka ngati wa anzawo, ndiwapatseko pang'ono za achulezo. Ndikulumbira kuti ndilibe mankhwala alionse. Akundisisita paphewa.

"Tikudziwa, aphunzitsi, pano simungavomere. Ndibwera Lachiwiri."