Bakapu inandibweretsera Rudo pamaso pa ankhoswe

Pali anthu ena ku Mayfair, ku Joni kuno, amene mpaka lero akandiona amayamba kutsokomola pofuna kubisa phwete. Sindiwadandaula. Nanenso ndikanakhala iwowo, bwenzi ndikutsokomola.

Inali sabata yoti ankhoswe akumane pa nkhani ya ine ndi Tiyamike, mtsikana amene ndinamulondola mpaka nsapato kutha chidendene. Amalume ake, bambo Mbewe, ali ndi kashopu ka nsalu ku Mayfair konko, ndipo anali ataneneratu kuti anyamata a ku Joni sawakhulupirira. "Aliyense ali ndi mkazi kumudzi, wina m'fulati," ankatero. Ndiye ine ndinati ndiwagometse. Mayi anga ku Ntcheu anajambulitsa kavidiyo kopereka moni ndi kundichitira umboni, ine n'kukonza zoti ndikakaonetse pa TV ya bambo Mbewe kudzera pa laputopu. (Ndikudziwa, pafoni kakanaoneka bwinobwino. Koma mkamwini wofika ndi laputopu m'chikwama amaoneka ngati wa mu ofesi, osati wotsuka magalimoto ngati ine.)

Laputopu ija inasankha sabata yomweyo kuti ife. Magetsi atangobwera pambuyo pa lodishedingi, inalira kuti kete kete kete m'kati, sikirini n'kuti bii. Ndinaiuzira mpweya, ndinaigogoda, ndinaipempherera pang'ono. Ayi ndithu, inali itapita.

Ndinathamangira nayo kwa a Lackson, mkulu wina wa ku Chipata amene amakonza makompyuta m'kachipinda kena ku Hillbrow kuno. Anaitsegula kumimba, n'kupukusa mutu.

"Boyi, hadi draivu yasila iyi. Tizaikamo inangu. Manje muli na bakapu?"

Apa ndinatukula chifuwa. Ndinali nayo. Kale ndinagula kabokosi kosungiramo zinthu za m'kompyuta, ndinakoperamo zonse kamodzi kokha kadakali katsopano, kenako n'kukaponya m'sutikesi pansi pa mabulangete. Ndinakatenga, iwo n'kukalumikiza.

"Ni yakudala maningi iyi," anatero a Lackson, kutanthauza kuti ndi yakale kwambiri. "Tisankhe vofunika, olo tibweze vonse?"

"Zonse," ndinayankha ngati bwana. "Ibwerere mmene inalili."

Inabwereradi mmene inalili. Itangoyaka, sikirini yonse inadzaza nkhope ya Rudo. Rudo anali chibwenzi changa chakale, mtsikana wa ku Zimbabwe amene agogo ake ankati kwawo ndi ku Mulanje. Tinasiyana ndisanamudziwe n'komwe Tiyamike, ndipo zithunzi zake ndinali nditazifufuta zonse, misozi ili chuchuchu. Koma bakapu sidziwa zoti anthu anasiyana.

"Aba ndiye ba mulamu?" anafunsa a Lackson, maso ali pa sikirini.

Ndinachotsa nkhope ija n'kuikapo chithunzi cha phiri, ndinafufuta foda ya zithunzi imene inali pamwamba, ndinaikamo kavidiyo ka mayi, n'kutuluka ndikudziona wochenjera kuposa Hillbrow yense.

Lamulungu masana pabalaza pa bambo Mbewe panadzaza. Nkhoswe yanga anali a Lufeyo, achibale a mayi anga amene amagwira ntchito ya m'gadeni ku Midrand, mkulu wa mpingo amene akayamba kulankhula tiyi amazizira m'makapu. Kavidiyo kanayenda bwino. Mayi analankhula, azimayi anagwedeza mitu, ngakhale bambo Mbewe nkhope inamasukako. Kenako a Lufeyo anaimirira pambali pa TV, ataifulatira, kuti awonjezepo mawu awiri. Ine ndinali pa kampando kufupi ndi chitseko, mutu nditazolika monga ayenera kuchitira mkamwini akulu akamalankhula, maso ali pa nsapato zanga.

Chimene ndinaiwala n'chakuti m'masiku a Rudo ndinaitchera laputopu ija kuti ikakhala kanthawi osaigwira, izionetsa yokha zithunzi. Zithunzizo zinali mu foda ina ya m'kati, ndipo pa chilichonse ndinalembapo timawu tachikondi ndi zilembo zikuluzikulu. Mawu awiri a a Lufeyo anaipatsa nthawi yokwanira.

"Mwana uyu ndimamudziwa kuyambira ali kumsana," anali kutero a Lufeyo. "Chibwerereni ku Joni, iye ndi kuntchito, kutchalitchi, kunyumba. Za atsikana sazidziwa."

M'nyumba munati zii. A Lufeyo anayesa kuti mawu awo awalowa anthu mumtima, ndiye anakweza mawu.

"Tamuonani nokha mmene wakhaliramo. Munthu wotere angayende ndi akazi?"

"Tikumuona ndithu, achimwene," anayankha bambo Mbewe mofatsa. "Tikumuona bwino kwambiri."

Nditamva azakhali ena akulimbana ndi phwete, ndinadzutsa mutu. Ine ndinali womaliza kuona m'nyumba monsemo. Pa TV panali ine, pakamwa yasa, Rudo akundidyetsa ayisikirimu ku paki, m'munsi mwake mutalembedwa kuti: Popanda iwe ndine foni yopanda chaja. Ndisanadzuke n'komwe, chinabwera chithunzi china, tili m'teksi mitu titagundanitsa: Ukaseka, Joni yense amayaka magetsi.

Ndinadumpha, ndinapunthwa pa thileyi ya makapu, n'kukazula chingwe choyamba chimene dzanja linagwira. Chinali cha chaja. (Laputopu ili ndi batire, abale. Zimenezi ndimazidziwa masiku ena onse.) Zithunzi zinapitiriza ulendo wake. Nditati ndiitseke, Tiyamike analankhula kuchokera pakati pa azimayi, mawu ali pansipansi.

"Isiyeni. Tione zonse."

Tinaonadi. A Lufeyo anatembenuka, anayang'ana, anakhala pansi pang'onopang'ono n'kupempha madzi akumwa. Zitatha, bambo Mbewe anati nkhani ija iyambe yaima, aliyense akaganize bwino kwawo. Apo nthabwala zinandithera. Ndinachita mantha enieni, chifukwa Tiyamike ndimamukonda, ndipo ndinaona kuti ndamutaya chifukwa cha kabokosi ka m'sutikesi.

Tiyamike anandipeza pageti ndikupinda zingwe zanga. Ndinayamba kulongosola za hadi draivu, za a Lackson, za magetsi.

"Zoti n'zakale ndaona ndekha," anandidula. "Munali woonda ngati ndodo ya mopu. Zoti munali ndi chibwenzi sindikudabwanso, simunagwe kumwamba. Koma foni yopanda chaja? Si mawu amene munandiuza ine pa renki ya mateksi aja, ine mpaka kukhetsa misozi, n'kukawauza anzanga kuti ndapeza mwamuna wodziwa kulankhula?"

Ndinayang'ana kumwamba, kunalibe thandizo.

"Ndi za Joni kuyaka magetsi zija munandiuzanso. Ndiye kuti ine mumandiveka kaunjika."

Anandisiya pomwepo. Kwa masabata angapo foni yanga sankayankha, ine n'kumatsuka magalimoto a anthu ngati ndikutsuka machimo anga. Pamapeto pake ndi iye yemwe anakawanyengerera amalume ake, akuti anawauza kuti munthu wopusa chonchi sangakwanitse kubisa mkazi wachiwiri. Bambo Mbewe anavomera kuti mfundoyo ndi yomveka. A Lufeyo anabweranso, koma ulendo uno anapempha kuti TV aiphimbe ndi chitenje.

Tinakwatirana. Masiku ano bakapu ndimapanga pafupipafupi, ndipo ndisanabwezeretse kanthu ndimayamba ndaona kuti muli chiyani. Vuto latsala pakamwa. Ndikangoti ndimuuze Tiyamike kamawu kokoma, amaima, dzanja m'chiuno, n'kufunsa kuti, "Amenewa ndi atsopano, kapena ndi a mu bakapu?"

Dzana ndinamuuza kuti maso ake amandiiwalitsa kuzizira kwa Juni. Anandiyang'anitsitsa, ine n'kulumbira kuti ndawapeka pompo, ndipo anamwetulira tsiku lonse. (Anali a mu bakapu.)