Makina Anga Oziziritsa Nyumba

Lolemba

Okutobala wafika ndi ukali wake wonse. Nyumba yathu ya ku Kabwata ili ngati uvuni. Tisa, mkazi wanga, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Mapazi atupa, tulo sakupeza. Ku kiliniki amuuza kuti azipumula masana. Apumula bwanji pansi pa malata awa?

Apongozi, mayi ake a Tisa, abwera kuchokera ku Chipata kudzadikira mwana. Ali pakhonde, akudzikupiza ndi chivundikiro cha poto. "Kwathu mphepo imatsika yokha m'mapiri, sichita kuitanidwa. Muno m'Lusaka anthu mumakhala bwanji?"

Ndaona pafoni makina oziziritsa nyumba opanga wekha. Zofunika: ndowa yapulasitiki yokhala ndi chivundikiro, fani yaing'ono, mapaipi atatu, mabotolo a madzi oundana. Pofika Lachisanu Tisa azipempha bulangeti.

Lachiwiri

Kumsika wa Kamwala. Dzuwa pamutu, anthu piringupiringu. Ndagula zonse. Masana onse ndikuboola ndowa ndi mpeni wotentha. Nyumba ikununkha pulasitiki, Tisa wasanza kawiri.

Aneba athu, bina Choolwe, akundiyang'ana pampanda. Ndi mayi wamasiye, amagulitsa kapenta kumsika wa Soweto. Anabadwira kuchigwa cha Gwembe, kumene mvula amachita kuipempha. Dzuwa lili paliwombo koma iwo avala juzi, nkhope yopanda ngakhale dontho la thukuta. Ndimawasirira mayi awa.

"Ba neba, uku mukuti kutentha? Kwathu mbuzi zimayenda monyang'ama. Koma kutentha kwa kwathu n'kouma, n'kwaukhondo. Osati kwa ku Chipata, konyowa ngati thaulo."

Apongozi amva. Nkhondo yayamba, koma yaulemu kwambiri.

Lachitatu

Kuti mabotolo akwane mufiliji, dzulo ndinatulutsa nkhuku yakumudzi imene apongozi anabweretsera Tisa. Ndinati ndiibwezera. Ndinaiwala.

Makina ndayatsa m'mawa. Agwira ntchito mphindi zinayi, malaiti apita. Abwera madzulo. Mabotolo ali ngati tiyi.

Nkhuku yapezeka kuseri kwa filiji chifukwa cha fungo. Apongozi aigwira mwendo, aikweza m'mwamba, akuuza Tisa: "Iyi ndinaiweta ndekha." Kenaka apita nayo kudzenje ngati akupita kumaliro.

Lachinayi

Njira yatsopano, yosafuna malaiti: kupaka laimu woyera pamalata kuti dzuwa lizibwerera. Ndabwereka makwerero kwa kalipentala wa kuseri kwathu. Ndili pamwamba, mwiniwake wawafuna, wawatenga osayang'ana kumwamba.

Maola awiri padenga. Mawondo apsa, zikhatho zapsa, laimu wauma m'chitini. Pansi ndikumva amayi awiri aja.

"Ku Chipata mango amagwa okha pamutu."

"Ndiye n'chifukwa chake muli ndi ntchentche. Kwathu zovala zimauma usanamalize kuyanika."

"Nanga madzi ochapira mumawapeza kuti?"

Ndaitana katatu asanandimve. Bina Choolwe agubuduza mgolo, aikapo mpando, andigwira mwendo mpaka ndatsika. Mphamvu zawo n'zodabwitsa. "Ba neba, ntchito ya padenga imatha tambala asanasiye kulira."

Ndapaka theka lokha, la kukhitchini. Kuchipinda chogona sindinafike.

Lachisanu

Ndinamva bina Choolwe akutchula za masaka onyowa pawindo. Sindinafunse zambiri, ndimafuna zioneke ngati nzeru zanga. Masaka amene ndapeza ndi a makala. Ndawanyika m'madzi, ndawapachika, ndapita kuntchito.

Ndabwera. Madzi akuda atsetsereka pakhoma mpaka m'beseni la zovala za mwana. Matewera, timalaya, kachipewa koyera kamene Tisa analuka yekha.

Tisa sanakalipe. Wakhala pabedi, misozi ikutsika. "Inu, ine sindikufuna makina. Ndikufuna kugona ola limodzi chabe."

Ndachapa zonse ndekha. Kachipewa sikanayere.

Loweruka

Ndachokera ku Chilenje kukafuna ulusi woyera, ndapeza nyumba ili zii. Kapena mwana wafulumira? Ndathamangira kwa bina Choolwe kukafunsa.

Atsegula chitseko pang'ono, chala pakamwa. Mkati muli mdima, muli fungo la dothi lonyowa, ndipo mukuzizira. Malata ngofanana ndi athu, dzuwa ndi lomweli. Tisa ali pamphasa pasimenti, chitenje chonyowa pamapazi, akuliza mkonono.

Zimene ndaona:
mawindo onse otseka, makatani okhuthala;
pansi pokolopedwa ndi madzi osapukuta;
saka loyera lonyowa pawindo limodzi lokha, la kumene kukuchokera mphepo;
mtsuko pakona, wokutidwa ndi nsanza yonyowa.

"Inu a m'tauni mumatsegula mawindo masana, mukuitana moto m'nyumba," akunong'ona bina Choolwe. "Tsegulani dzuwa likalowa, tsekani likatuluka. Kuzizira kumasungidwa ngati ufa."

Zaka zitatu tili mpanda umodzi, sindinafunsepo.

Apongozi ali pomwepo pampando, kapu ya madzi a mumtsuko m'manja. Akumwa, akupumira m'mwamba. "Madzi ake ndi abwino. Koma mtsuko uwu kaumbidwe kake n'ka kum'mawa." Bina Choolwe angomwetulira, awathirira ena.

Lamulungu

Ndatseka mawindo tisanapite kutchalitchi. Ndakolopa pansi. Saka bina Choolwe andipatsa lawo, aima pomwepo mpaka ndapachika pawindo loyenera. Pobwera, nyumba ili bwinoko. Osati ngati yawo, koma munthu akhoza kukhalamo.

Amayi awiriwo tsopano ali pansi pa mtengo wa peyala, akusenda nandolo m'lichero limodzi. Wina akuti mwana akadzakula azikapuma ku Chipata, winayo akuti apite kuchigwa akalimbe. Agwirizana chimodzi chokha: ine ndisagwirenso chida chilichonse mpaka mwana abadwe. Andiuza kudzera mwa Tisa.

Malaiti kulibe. Ntchito imene andisiyira ndi iyi: kukhala pambali pa mphasa ndi chidutswa cha katoni. Ndikulemba ndi dzanja lamanja, lamanzere likukupiza. Tisa wagona ola ndi theka. Phewa likuwawa, koma ndikasiya pang'ono amatembenuka.