Kunja kwa dziko, m'munda wa azakhali

Lolemba
Ndiye eya, ndili kunja kwa dziko! Ine amene! Pasipoti ayi, basi ayi. Ndangolumpha kamtsinje kakuseri kwa dimba lathu, ndafika ku Mozambiki kwa azakhali, kudzawathandiza kukumba kachewere masiku atatu. Foni yalira, uthenga wachipwitikizi. Sindikumvapo liwu ngakhale limodzi koma ndikudziwa akundilandira.
Achimwene a ku Lilongwe anditumizira mayunitsi ambiri oti ndigule bandulo, nditumize fomu ya sukulu ya unamwino. Akutseka Lachisanu 5 koloko. Nthawi ilipo.

Lachiwiri
Nkhungu ya kuno ndi ina. Yofewa, yosafulumira. Phiri la Dedza ndikulionera kumsana, lili buluu ngati la pakalendala. Ndayatsa deta pang'ono chabe. Sitetasi: "Moni nonse a ku Malawi."
Zomwe ndatumiza:
nkhungu, kambirimbiri
vidiyo ya mbuzi yachipwitikizi
ine pachulu, ndikuyang'ana kutali
Mnzanga Tadala waimba ya vidiyo. "Iwe, wayamba kale kuwala!" Tacheza mpaka batire kutha.
Azakhali: "Unabwera kudzakumba kapena kudzajambula?"

Lachitatu
Manja ali pakhasu, mutu uli ku Beira. Ndavala zoyera, chipatala chili pafupi ndi nyanja, makatani akuuluka, odwala akuchira pongondiona.
Masana ndikuti ndigule bandulo ija. Mayunitsi palibe. Ndazimitsa foni, ndayatsa. Palibe. Ndaipukuta ndi chitenje. Palibe!!

Lachinayi
Ndabwerera kwathu. Pa boma, kwa bambo wokonza mafoni. Aseka mpaka kutsokomola. "Achemwali, imeneyo ndi romingi. Mukakhala kunja deta imadya mayunitsi ngati nkhumba pa gaga." Ndikuwauza kuti ndinali poti amayi akaitana ndimamva. "Foni siiwadziwa amayi anu."
Ndagulitsa ndowa ya kachewere imene azakhali anandipatsa. Bandulo ndagula pompo, ndachenjera tsopano. Fomu ndikanatumiza pomwepa, koma akufuna chithunzi cha satifiketi, ndipo satifiketi ili kunyumba, m'sutikesi ya amayi. Mawa.

Lachisanu
Amayi apita kudimba ndi kiyi wa sutikesi. Abwera 3 koloko. Satifiketi ndajambula.
M'nyumba mwathu netiweki mulibe, ndiye ndathamangira pathanthwe la kumtunda kwa mapaini, pomwe mudzi wonse umaimbira foni. Mphepo, mitambo pansi panga, fomu ikuyenda, yafika pakati... foni yalira. Chipwitikizi! Ndili ku Malawi ine! Bandulo sikugwira. Timayunitsi totsala tapita nthawi yomweyo.
Ndikatsika: palibe chilichonse.
Ndikakwera: Mozambiki.
Kutsika, kukwera, kutsika. Ndaima ndi mwendo umodzi, mkono ndalozetsa ku Linthipe. 5 koloko yandipeza choncho.

Loweruka
Achimwene aimba. "Watumiza?"
Ndati netiweki.
Kenako: "Sitetasi yako ndinaiona. Mbuzi yokongola." Adula.
Ndakhala pakhonde tsiku lonse, kusenda nyemba.

Lamulungu
Kani amayi anauza kale a mphakati onse kuti ndikupita ku unamwino. Tikutuluka Misa, Anaphiri ogulitsa tomato andigwira mkono. "Anamwino, tandionani bondoli." Anthu aunjikana. Ndiwauze chiyani? Ndagwada, ndaligwira. Latupadi. Ndati aziikapo kansalu ka madzi ofunda.
"Mwaona?" akuuza anzawo. "Kuphunzira kunja n'kwabwino."
Fomu ina ndi chaka chamawa. Bondolo akuti abwera nalo kunyumba Lachitatu.