Mmene Ndinathawitsira Tambala wa Chinkhoswe

Kumbuyo kwa galimoto kunayamba kupita kokha kumanja. Chiwongolero sindinachipotoze. Mkazi wanga anafunsa, "Abambo a Tadala, tikulowera kuti?" Sindinkadziwa.

Ndibwerere pang'ono. Linali Loweruka, mu February. Yamikani, mwana wa mlongo wanga, ankachita chinkhoswe ku Normanton, ku Derby, kuno kwa Angerezi. Malume wake kuno ndine ndekha, ndiye tambala wa kuchimuna anayenera kuchokera m'manja mwanga. Akuchikazi anali atatumiza kale mawu kuti iwo apeza msoti wamoyo, ifenso tisabwere ndi zamasewera. Kuno nkhuku yamoyo simungaipeze pamsika. Mkazi wanga anaimba mafoni masabata awiri, pakati pa mashifiti, mpaka anapeza mlimi wina kumapiri, kupitirira Matlock.

Galimoto inali ya a Zulu, neba wathu ku Braunstone, kwawo ku Chipata. Ndi motahomu, zija zokhala ndi bedi, khichini ndi chimbudzi mkati. Yawoyo ndi yakale, yadizilo, yaikulu ngati lole. Anatibwereka kuti amayi akavalire momwemo, chifukwa holo inalibe chipinda. Iwonso anakwera nafe, koma kuyendetsa anandisiyira ine. (Ndinali nditawauza ndekha kuti ndine dalaivala. Kangapo.)

Tambala tinamutenga, wamkulu, wofiira. Tinamuika m'katoni patebulo. Pobwerera pali mtsetse wautali. Tili pamwamba, ndinaona batani la ekizozi buleki pafupi ndi chiwongolero. Imeneyi ndi buleki yotseka utsi kuti injini yokha igwire galimoto, mabuleki aphazi asatenthe. Kumudzi ndinatsika nayo mtsetse wa ku Chikwawa zaka zisanu ndi zitatu, lole itadzaza simenti. Chibwerere kuno ndimangoyenda m'misewu yathyathyathya. Chala chinandiyabwa.

A Zulu anachiona. "Amdala, iyo musaigwire lelo. Msewu uli na ayisi."

"Ayisi ali kuti?" Msewu unali wakuda bwinobwino.

"Saoneka. Ikani chabe sekondi giya, tiseluke pang'onopang'ono."

"A Zulu, inu ndinu nesi. Ine ndine dalaivala."

Ndinadina.

Inalira bwino, bwaaa, ngati kale. Masekondi atatu. Chimene sindinaganize ndi ichi: buleki imeneyi imagwira matayala akumbuyo okha. Pouma palibe vuto. Pa ayisi, akumbuyowo akagwidwa amaterereka, akutsogolo akugudubuzikabe. Ku Chikwawa kulibe ayisi. Ndani akanandiphunzitsa? (A Zulu. Anali atangondiphunzitsa kumene.)

Tinatsika cham'mbali, pang'onopang'ono, mwaulemu, mpaka tayala linalowa mu ngalande. Palibe anavulala. Katoni yokha inagwa. Tambala anatuluka, nakwera pasinki, nadumphira paduku la mkazi wanga. Iye anatsegula chitseko kuti athawe. Woyamba kutuluka anali tambala.

Analumpha mpanda wamiyala nalowa kubusa la nkhosa. Ndinamuthamangitsa nditavala suti ndi nsapato zosongoka. Ndinagwa kawiri. Nkhosa zinkangondiyang'ana. A Zulu ali pampanda, kukuwa, "Mutsekeleni kumanzele!" Mkazi wanga naye, "Musiyeni, mungathyoke mwendo, ine Sande ndili pa shifiti!" Tambala analowa m'mitengo. Sitinamuonenso.

Mlimi wina wodutsa anatikoka ndi thirakitala. Sanafunse zambiri, munthu wabwino. Tinaimbira uja anatigulitsa, anati tambala wina alibe. Nthawi inali itatha. A Zulu anatambasula dzanja, ine ndinawapatsa makiyi. Ndinakakhala kumbuyo, pafupi ndi chimbudzi, matope mpaka m'mawondo.

Ndili pamenepo ndinaganiza bwino. Mtsetse wautali, msewu wouma, giya yotsika: dinani. Kukagwa mvula yoterera kapena kukazizira mpaka madzi kuundana, chala chikhale m'thumba. Si nkhani yovuta. Ndinangoimvetsa mochedwa ndi mphindi makumi anayi.

Tikulowa mu Derby tinaima pashopu. Mkazi wanga analowa yekha. Potuluka sanandiyang'ane.

Holo inali itadzaza. Anthu a ku Leicester, a ku Nottingham, ena mpaka a ku Loughborough. Nthawi yosinthana nkhuku itakwana, a Kamanga, malume wa mtsikana, anabwera akuvina, atanyamula msoti woyera, wamoyo, wa riboni pakhosi. Amayi nthungululu. Ine ndinabwera ndi mbale. M'mbalemo munali nkhuku yososola kale, yokulungidwa m'pulasitiki, yozizira. Sindinavine.

A Kamanga anaiyang'ana. Anatulutsa magalasi m'thumba, nawerenga kapepala ka pamwamba pake mofatsa. Kenako anapempha maikolofoni.

"Achimwene, si kuti tikukana. Tikungofuna kudziwa. Uyu ndi tambala?"

"Ndi tambala."

"Mwadziwa bwanji? Mutu palibe."

Holo yonse inafa ndi phwete. Ana obadwira konkuno ankafunsa makolo awo m'Chingerezi kuti chachitika n'chiyani, atauzidwa nawonso anayamba. Yamikani anangoweramitsa nkhope. Amene sanaseke ndi mayi ake a mtsikana. Anaimirira, nati chinkhoswe chipitirire chifukwa ana sanalakwe, koma tambala weniweni, wolira, afike pakhomo pawo ukwati usanachitike. Ndipo wobwera naye ndikhale ine.

Ndinavomera ndi mutu. Tinasinthana. Iwo anatenga mbale, ine msoti.

A Kamanga anali asanathane nane. Wina anali atawanong'oneza kale za tambala uja. Anandilozetsa maikolofoni pakamwa. "Timamva kuti ndinu dalaivala wamkulu. Tatifotokozereni, tambala wathawa bwanji m'galimoto yotseka?"

Ndinayang'ana a Zulu. Iwo anayang'ana kudenga.

Ndinapereka msoti kwa mkazi wanga, ndinamanga mabatani a jekete, n'kutuluka panja.