Wondigwira paphewa ku Dwangwa

Ku Dwangwa kukadali madala ena amene akandiona amagwira phewa n'kuyamba kuseka. Ndibwino ndikuuzeni ndekha chifukwa chake, iwo asanakuuzeni mokokomeza.

Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Zaka zimenezo, esiteti ya nzimbe itangotsegulidwa kumene, ndinali kalaliki pamsika wa mbewu ku Liwaladzi. Akazi anga, aNabanda, anali atasiya kuyenda nane pagulu kuchokera tsiku limene ndinakangana ndi wojambula zithunzi pa ukwati wa mng'ono wawo (munthuyo anandidula mutu pachithunzi, inu mukanatani?). Ndiye titamva kuti kukubwera bandi ya ku Blantyre kudzaimba Loweruka masana muholo ya ku Dwangwa, ndinawanyengerera mpaka anavomera. Koma anaikapo mawu.

"Bambo a Lute, mukakangopsa mtima kumeneko, kuyenda nanu ndiye kwatha. Ngakhale kumaliro muzidzapita nokha."

Ndinalonjeza. Ndipo muone mmene ndinayesetsera.

Tinakwera lole ya usipa wouma, ine suti ili m'thupi. Wina anandikhazika dengu pabondo, ndinangoti zikomo. Titafika tinalowa m'lesitilanti, ndinaitanitsa mpunga wa nkhuku. Anandibweretsera khosi ndi phiko, pamene bambo wa tebulo lina anali ndi ntchafu ziwiri. Mawu anafika pammero, koma aNabanda anangondiyang'ana, ndinawameza pamodzi ndi khosilo. Pakhomo la holo anyamata a chipani anaona makadi athu, wina n'kundizungulira kuti aone ngati tsitsi lafika pakolala. Ine wadazi ngati ine! Ndinamwetulira. Ndinatonthola nditaona oimbawo: onse mitu ili mbee, akuti anawameta ndi sizasi panjira chifukwa anachoka ku Blantyre ndi tsitsi ngati zitsamba.

Koma kuimba ankakutha anyamatawo. Gitala ankachita ngati akuyankhula. Tinavina rumba, tinavina sinjonjo, ndipo ndinaona aNabanda akuseka kuseka kwa pautsikana wawo. Ndinadziuza mumtima kuti lero ndapambana.

Ndinatuluka kukawagulira chakumwa, ndipo nthawi imeneyo ndi imene woyendetsa mwambo analengeza zinazake zimene sindinazimve. Pobwerera ndinapeza nyimbo yodekha yayamba. Ndinawagwira akazi anga m'chiuno monga tinkaonera m'mafilimu kusekondale.

Kenaka chala chinandigogoda paphewa. Kucheuka, ndi mdala wamfupi, wa tayi yagulugufe ndi magolovesi oyera. Anawerama pang'ono, natenga dzanja la aNabanda, n'kumapita nawo. Ndipo aNabanda anapita! Akumwetulira!

Za khosi la nkhuku, za dengu la usipa, za mnyamata wa tsitsi uja, zonse zinakwera kumutu nthawi imodzi. Ndinamuthamangira mdalayo n'kumugwira jekete kumbuyo. Pokoka, nsapato zanga zinaterereka (pansi anali atawazapo paudala kuti povina pazitereka), ndipo tonse awiri tinakagwera pa ng'oma za bandi. Mbale yamkuwa ya woimba ng'oma inagubuduzika mpaka pakhomo ikulira. Nyimbo zii.

Mdalayo anadzuka, nasasa magolovesi ake. Anali a Chirwa, Mtonga amene anaphunzira dansi ku migodi ya ku Joni. Sanakalipe n'komwe, ndipo chimenecho ndiye chinandipweteka kwambiri.

"Ada, imeneyi ndi dansi ya ekisikyuzi," anatero. "Akakugwirani paphewa mumapereka dona, inunso n'kukagwira phewa la wina. Mukanangondigogoda, ndikanakubwezerani akazi anu osathyoka pena paliponse."

Holo yonse inafa nako kuseka. Ndinayang'ana aNabanda. Iwo okha sankaseka.

Ndinapepesa kwa a Chirwa, ndinapepesa kwa woimba ng'oma, ndinakatola mbale ija ndekha. Kwa akazi anga ndinangoyamba kuti "aNabanda," iwo n'kundidula. Anauza woyendetsa mwambo kuti nyimbo ija iyambirenso, natenga mkono wa a Chirwa.

"Inu khalani apo muone mmene anthu amachitira. Mukaona kuti mwakhoza, mubwere."

Ndinakhala. Ndinaonerera akazi anga akuchoka kwa a Chirwa kupita kwa dalaivala wa thirakitala, kuchoka apo kupita kwa mphunzitsi wina wamtali wa ku Nkhunga. Mpando ndinaugwira mpaka zala kuchita dzanzi. Nyimbo ili pakati ndinaimirira, ndinayenda pang'onopang'ono, n'kumugogoda mphunzitsiyo ndi chala chimodzi. Anandipatsa. Tisanazungulire n'komwe, chala china paphewa panga. Anali a Chirwa, dala, maso ali pa ine. Holo yonse inkandiyang'ana.

Ndinawerama. Ndinapereka.

Usiku umenewo tinagona kwa msuweni wa akazi anga. M'mawa wa Lamulungu, tikudikira lole, aNabanda anandiuza kuti sanandikhululukire zonse, koma amva kuti mwezi wamawa kukubwera bandi ina ku boma, ndiye suti ija ndiichape, ikununkha usipa.

Tinapita, ndipo takhala tikupita. Mwambo wa ekisikyuzi ndinaumvetsa ndipo ndimaulemekeza. Kungoti ikayamba nyimbo imeneyo, ine ndimavinira pakona, msana nditautsamiritsa kukhoma.