Mpunga wa ku Korea pachitseko cha Che Saidi

Mpaka lero ndikamva gulu la anthu likusokosera kumbuyo kwanga, miyendo imayamba yokha kufuna kothawira. Ndipo chinandipalamulitsa si mowa kapena mkazi wa mwini ayi. Ndi filimu, ya mufoni yosweka galasi.

Nthawi imeneyo sizoni ya fodya inali itatha ku Kanengo, ndipo ife aganyu anatiuza kuti tikapume kaye. Ndinkachita lendi kachipinda ku Area 25, pamdadada wa nyumba za Anachisale, mayi wa mawu akuluakulu koma wamtima wabwino. Mkazi ndinalibe, anzanga a kuntchito anali atabalalika kumidzi kwawo. Tsiku linkatha osalankhula ndi munthu kupatula wogulitsa makala.

Kumsika, kwa aja oika mafilimu m'mafoni, anandiikira filimu ya ku Korea ya magawo ambirimbiri. Ine ndinkafuna ya zibakera (ndisaname), koma anandinyengerera kuti ndiyese kaye imeneyi. Inali nkhani ya mnyamata wotsuka mbale mulesitilanti, wopanda mbale wake aliyense mumzinda, ndi gogo wina woyandikana naye amene anadzitsekera m'nyumba mwana wake atamwalira. Mnyamatayo ankakoleka chakudya pachitseko cha gogoyo n'kuthawa osanena kanthu. Pang'ono ndi pang'ono chitseko chinayamba kutseguka. Gawo limene awiriwa anadyera pamodzi koyamba, ine ndi ndevu zangazi ndinalira mpaka mamina.

Pamdadada pathu panali Che Saidi, telala wachikulire wochokera ku Mangochi. Akazi awo anali atamwalira chakumayambiriro kwa chaka. Kuyambira pamenepo makina awo osokera anangoti zii. Ankatuluka kupita ku mzikiti, kubwera, kutseka chitseko. Tsiku lina ndinawayang'ana akudutsa atawerama, mumtima n'kuti: gogo wa mufilimu uja ndi ameneyu, wotsuka mbale uja ndine.

Munthu wanzeru akanagula paketi ya shuga n'kukagogoda. Ine ndinafuna zichitike ndendende ngati mufilimu, ndi chakudya chake chomwecho: mpunga wokulunga m'chinthu chakuda, wodula timagawo tozungulira. Chakudacho sindinkachidziwa, choncho ndinawiritsa masamba a mpiru n'kukulungiramo mpunga. Zinkamasuka, ndiye ndinamanga ndi ulusi. Ulusi umene ndinali nawo unali wofiira (musanene, ndikudziwa). Pakati ndinaika dzira lowiritsa losasenda, pamwamba ndinawaza tsabola wopera. Zonsezo m'kontena, kontena m'jumbo yakuda. M'mamawa, Che Saidi ali ku mzikiti, ndinakoleka jumboyo pachitseko chawo n'kubwerera chonyang'ama, mtima uli mbee.

Masana ndinasuzumira, pachitseko palibe kanthu. Ndinati eya, adya. (Ndinamva pambuyo pake kuti anaichotsa ndi mtengo wautali n'kukaiponya m'chimbudzi, ndipo tsiku limenelo sanadye chilichonse chifukwa cha mantha.) Popeza kontena yanga sinabwere, ulendo wachiwiri ndinatenga ya Anachisale, imene anandipatsiramo nyemba ine osabweza.

Ndinali nditangobwerera pabedi pamene ndinamva mayi wina akukuwa.

"Mayo! Bwerani mudzaone zimene atiikira kuno!"

Nditatuluka ndinapeza anthu adzaza kale, ena a mdadada wathu, ena ongodutsa popita kokwera minibasi. Jumbo yanga inali pansi, mwamuna wina akuitsegula ndi ndodo atatalikira ngati muli njoka. Chivindikiro chitagwa, anthu onse anabwerera m'mbuyo. Ndipo ndikuuzeni zoona, nditaziona ndi maso a anthu ena, ngakhale ine wophika ndinachita nthumanzi. Timitolo tobiriwira tomanga ndi ulusi wofiira, dzira pakati, ufa wofiira pamwamba. Sing'anga weniweni akanandifunsa kumene ndinaphunzira.

Che Saidi anali atatsamira khoma, chipewa chawo chili m'manja.

"Kachiwiri aka," anatero motsitsa mawu. "Mayi a kunyumba anapita. Tsopano akufuna ine. Ndinamulakwira chiyani munthu ameneyu?"

Mawu amenewo anandilasa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, koma nthawi yomweyo chimwamuna china chodzadza, chonyamula katundu pa depoti, chinati, "Ameneyu tikamugwira, za polisi ayi. Tithana naye pompano." Anzake anavomera. Wina anatchula petulo. Ndiye poopa kuoneka wachilendo, nanenso ndinapukusa mutu n'kunena kuti, "Anthu ndi oipa, abale." (Mulungu andikhululukire.)

Wina anati ayese pa nkhuku. Anakankhira kamtolo kamodzi kwa thadzi la Anachisale limene linkayendayenda pamenepo. Linajompha mpunga, linajomphanso, anthu tonse tili duu. Kenaka linapita pafumbi, n'kugona cham'mbali, n'kutambasula phiko ndi mwendo. Aliyense amene anawetapo nkhuku amadziwa kuti zimatero zikamaothera dzuwa. Tsiku limenelo palibe anakumbukira.

"Yafa! Yafa!"

Amayi anakoka ana awo. Thadzi lija linadzidzimuka ndi phokosolo n'kuthawa, koma wina anati likuthamanga mwachilendo.

Apo ndi pamene mayi uja anakuwa poyamba anawerama n'kuyang'anitsitsa chivindikiro.

"Dikirani kaye. Kontena yopsa pakona iyi, si ya Anachisale?"

Nkhope zonse zinatembenukira kwa mayi wachikulireyo. Anthu amene anali pafupi naye anasuntha, iye n'kutsala yekha pakati. Chimwamuna chija chinayamba kuyandikira. Anachisale anayang'ana kontena, anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga ziwiya zawo, kenaka maso awo anayenda pang'onopang'ono mpaka anandipeza kumene ndinabisala, kuseri kwa chingwe choyanikapo zovala. Anangondiyang'ana.

Ndinaganiza zothawa, koma njira yotulukira inali imodzi ndipo inali yodzaza anthu. Komanso ndikanathawa, mayi amene anandipatsa nyemba ndili ndi njala akanaona zakuda chifukwa cha ine. Ndinakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Ndi... ndine ndinaika. Ndi chakudya. Cha ku Korea."

Sindikudziwa amene anandigwira kolala. Ndinangozindikira ndakhala pansi pafumbi, miyendo ya anthu yandizungulira ngati mpanda, mbama imodzi italowa kale kukhutu. Ndinkamva fungo la thukuta lawo. Ndinakumbukira mayi anga ku Dowa, kuti uthenga ukawapeza ali kumunda.

"Ku Korea kwa sing'anga wake uti?"

"Ngati ndi chakudya, adye!" anatero Anachisale mokweza. Ndikuganiza kuti ankafuna kundipulumutsa, ngakhale nkhope yawo inkanena zina.

Ndinadya. Ndinadya ndi ulusi womwe, chifukwa zala zinkakanika kumasula. Tsabola ndinali nditamuchulutsa, ndiye misozi inayamba kutsika, kenaka chifuwa. Dzira ndinasenda theka n'kuliponya mkamwa lonse, linakakamira pakhosi, maso n'kutuzuka.

"Onani! Zikumubwerera!"

Amene anandipatsa madzi anali Che Saidi. Anadutsa pakati pa anthu ndi kapu, anandimwetsa, n'kunjuta patsogolo panga.

"Mwana wanga, ndiuze bwinobwino. Ndinakulakwira chiyani?"

Ndinatulutsa foni. Batire inali itafiira. Ndinasaka gawo lija mpaka ndinalipeza: mnyamata akukoleka chakudya pachitseko, akuthawa, gogo akutsegula pang'ono. Mitu ya anthu inaunjikana pamwamba pathu. Ngakhale chimwamuna chija chinkasuzumira, chikupumira m'khosi mwanga.

Che Saidi anayang'ana kwa nthawi yaitali.

"Gogoyu watani?"

"Mwana wake anamwalira. Sadya, salankhula ndi anthu."

Anapukuta m'maso ndi chipewa chija. Kenaka anandiyang'ana n'kufunsa mofatsa, ngati munthu wofunadi kudziwa:

"Kodi ku Koreako kulibe odi?"

Wina anaphulika kuseka, ena n'kutsatira. Si onse anaseka. Chimwamuna chija chinachoka chikung'ung'udza kuti afiti a masiku ano ali ndi mafoni, ndipo mayi wokuwa uja mpaka ndinasamuka pamalopo sankalola ana ake kulandira ngakhale switi kwa ine. Anachisale anatola kontena yawo, anaitsuka ndi phulusa, ndipo moni wanga anayamba kuyankha patapita nthawi ndithu. Khutu lija linalira mlungu wonse.

Mawa lake masana ndinamva kugogoda. Ndinati anthu aja abwerera. Anali Che Saidi, atanyamula mpando ndi fulasiki ya tiyi.

"Tiyambe pachiyambi," anatero. "Ndikufuna ndione ngati gogo uja achire."

Tinaonera yonse pakhonde, gawo limodzi kapena awiri patsiku, ine ndikumasulira zimene ndamva ndi zimene sindinamve zomwe. Ankakalipira anthu a mufilimu ngati akumva. Nthawi zina ankaimitsa n'kuyamba kundiuza za akazi awo, mmene ankapsera mtima akapeza tinsalu todula pabedi. Zophika zanga sanalaweko ngakhale kamodzi, ndipo sindiwaimba mlandu.

Mwina mukuganiza kuti ndinaphunzirapo. Nanenso ndinkaganiza choncho. Koma panopa, ngakhale ndinasamuka, ine ndi Che Saidi tikuonera ina, mmene mwamuna wina amatsatira mnzake wosungulumwa mwakachetechete pambuyo mvula ikamagwa, n'kumufunditsa ambulera mwadzidzidzi. Kumene ndikukhala tsopano kuli mphunzitsi wina wopuma ntchito amene amayenda yekhayekha. Ambulera ndinagula kale. Che Saidi atangoiona anandilanda, ndipo akuti andibwezera mvula ikatha.